Oyilo Wochita Kupanga

Galimoto ndagulapo khumi ndi imodzi pa moyo wanga, ndipo zonsezo zinali zoti wina anayamba wakhalamo. Zina ndinakazitenga ndekha kudoko, ndikugona pampando masiku asanu ndi anayi. Ina ndinaigula m'dziko limene dzuwa limalowa anthu asanaweruke kuntchito, kwa nkhalamba yomwe inalira pondipatsa makiyi. Mapasipoti ndadzaza atatu. Ndinayamba ndi wilibala ya gudumu lopindika, lero ndili ndi malole anayi ndi nyumba yosungiramo katundu yoti ukafuna munthu amene ali kumapeto kwake, umachita kumuimbira foni.

Koma yachikhumi ndi chiwiri inali yatsopano. Sindikunena yatsopano kwa ine ayi, ndikunena yatsopano kwa aliyense. Mipando inali idakali m'mapulasitiki, kawotchi kakuonetsa makilomita khumi ndi anayi okha. Nditakhala mkati ndinapuma kawiri, ndinamva fungo la chinthu chimene munthu sanayetsemuliremo.

Kuchoka kwa ogulitsa sindinapite kunyumba. Ndinalunjika kwa Achimwene.

Achimwene anga ndi makaniko. Ndiwo anandilera bambo atamwalira, ndipo sipanala yoyamba imene ndinagwira anandimenya nayo kaye pamsana asanandionetse ntchito yake. Kuseri kwa nyumba yawo kuli galaja ya malata, pakati pake dzenje la simenti loimikapo galimoto. Galimoto zanga zonse khumi ndi imodzi zinayamba zaima pa dzenje limenelo akazi anga asanakweremo. Kale pakhomopo pankakhala mzere mpaka kumsewu. Masiku ano anthu amapita ku magalaja amene amafunsa kompyuta, ndipo kwa Achimwene kunatsala malole anga ndi pikapu ya m'busa wina imene imayenda mwa chikhulupiriro.

Anaizungulira kawiri manja ali kumbuyo. Kenaka anapukuta zala pa ovolosi, natsegula boneti ngati akuvundukula mwana wogona.

"Mzime," anatero. Ndili ndi zaka makumi asanu ndi zinayi ndi imvi m'ndevu, koma kwa iwo ndine Mzime basi. "Ili ndi khanda."

"Khanda lothamanga kuposa ndege ina imene ndinakwerapo, Achimwene."

"Khanda ndi khanda. Injini yatsopano imayamba ndi oyilo wamba, wokhuthala, kuti zitsulo zam'kati zikhulane pang'ono, zizolowerane. Ukaithira sinthetiki lero, uja amaterera kwambiri, zitsulo sizidziwana, chaka chamawa iyamba kusuta. Pa makilomita chikwi titsitsa woyambayu, tione zimene wanyamula. Pa zikwi zisanu tidzailetsa kuyamwa, tiipatse sinthetiki wakoyo."

"Wanga bwanji?"

"Si iwe wokonda zosinthasintha? Dzina lokhalo likunena."

Achimwene ali ndi kachitidwe kawo. Oyilo wakale amamutsitsira m'beseni loyera, n'kuyendetsamo maginito kuti aone fumbi la chitsulo, kenaka amamutikita pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, n'kununkhiza. Amati oyilo amalankhula. Lole yanga ina anaiuza tsiku lofera kudakali miyezi iwiri, ndipo inangochedwa ndi sabata.

Ndikutuluka, alamu anga, akazi awo, anandiperekeza mpaka pageti.

"Zaka makumi anayi ali pantchitoyi," anatero motsitsa mawu, "injini yatsopano sanaitsegulepo. Zonse zimabwera zitakalamba kale. Musawachedwetse, alamu."

Masabata atatu ndinayendetsa galimotoyo monga anandilamulira: osathamanga, osanyamula katundu, osakhalitsa pa liwiro limodzi. Ine amene ndinadutsa chipululu usana umodzi, njinga zamoto zinkandiimbira belu. Madzulo alionse Achimwene ankaimba foni. Sankafunsa za ana kapena za ine.

"Yafika pati?"

"Mazana asanu ndi limodzi ndi makumi anayi."

"Chabwino." Foni n'kudula.

Akazi anga amagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala, ndipo ndi mtundu wa anthu amene amawerenga ngakhale kapepala kopindapinda ka m'bokosi la mapiritsi. Lamlungu lina masana anatenga buku la galimotoyo m'kabati yake, nakhala nalo pakhonde. Ine buku sindinaligwirepo. Munthu amene waphunzira kuyendetsa mbali zonse ziwiri za msewu safunsa buku.

"Abambo, bwerani muone."

Anandionetsa zinthu ziwiri. Choyamba, injiniyo inachoka kufakitale ili kale ndi sinthetiki, ndipo bukulo linati isadzalawe wina aliyense. Chachiwiri chinali pa pepala la waranti, lija lolonjeza kuti chikawonongeka chilichonse m'zaka zisanu eni ake adzakonza okha. Linati sipanala ya munthu wakunja ikangokhudza injini, lonjezolo latha.

"Ndiye tsiku loletsa kuyamwalo palibe," anatero akazi anga. "Mwanayu anabadwa ndi mano."

"Mwina bukuli analembera mayiko ena."

"Analembera galimoto ili apoyo. Mukawauza liti?"

Ine ndinauzapo mkulu wa asilikali pachipata cha m'malire kuti masamu ake ndi olakwika, iye ali ndi mfuti, ine ndili ndi cholembera. Ndinabwezapo chakudya m'hotela ya nsanjika makumi atatu. Koma kuima pa dzenje lija n'kunena kuti Achimwene, iyi si yanu, zimene mukudziwa zinatha ntchito, limenelo linandikanika. Ndikaipititsa kwa ogulitsa, ndiye kuti ndawauza kuti manja awo atha, ndipo wowauza ndine, kasitomala wawo wotsiriza. Ndikaipititsa kwa iwo, zaka zisanu zija zapita ndi oyilo m'beseni.

Ndinaganiza masiku awiri, ndipo ndinapeza nzeru imene panthawiyo ndinaiona ngati yakuya. Nkhani yolemera siilowera pakhomo lakumaso. Akazi anga akauze alamu, alamu akauze Achimwene pa nthawi ya tiyi, pang'onopang'ono, ngati nkhani ya anthu ena.

Akazi anga anaimba foni ine ndili pomwepo.

"Alamu, galimoto ija akuti inabwera kale ndi sinthetiki."

Ndinamva mawu a alamu akufunsa kuti chimenecho n'chiyani.

"Ndi oyilo wochita kupanga. Osati weniweni uja wochokera pansi, koma wopanga anthu. Ndiye muwauze bwinobwino achimwene awowo."

Ndinagwedeza mutu kuvomereza. Kufotokoza kunali komveka, kwa munthu wophunzira.

Lachitatu m'mawa ndinapita kunyumba ya katundu pa pikapu yanga yakale, chifukwa lole ina inali itafika ndi matailosi. Ndinabwerera cha m'ma teni. Ndikulowa pageti ndinaona miyendo iwiri itatulukira pansi pa galimoto yanga yatsopano. Nsapato ndinazidziwa. Pambali panali beseni loyera, bokosi la zida, ndi chigubu chopanda kanthu cha oyilo wokhuthala uja amathira m'malole anga.

Akazi anga anali ataima pakhonde atapinda manja.

"Makiyi wawapatsa ndani?" ndinafunsa chapansipansi.

"Alamu anga akapempha makiyi ndiziwakaniza? Anati akufuna kumva kulira kwake. Ndinalowa kukawaikira madzi a tiyi."

Achimwene anatuluka chagada pa katoni, nakhala tsonga. Nkhope yawo inali yowala kuposa mmene ndinaionera pa ukwati wa mwana wawo.

"Akubera, Mzime."

"Ndani?"

"Okugulitsa galimoto aja. Alamu ako andiuza dzulo. Anakuthirira oyilo wopanga, osati weniweni. Galimoto yatsopano, oyilo wabodza. Sindinagone."

Mawu akuti sinthetiki anali atagwa panjira pakati pa nyumba ziwirizo. Amene anafika anali akuti wopanga, ndipo wopanga kwa Achimwene ndi uja amathira m'zigubu zakale kuseri kwa msika n'kumata chizindikiro chatsopano.

"Taona wekha." Anaviika zala m'beseni nanditambasulira. "Wapyapyala ngati madzi. Fungo alibe. Ndayendetsa maginito katatu, fumbi n'lochepa loti sungadzaze chikhadabo. Makilomita mazana asanu ndi anayi, oyilo sakunena kanthu. Oyilo weniweni amalankhula, uyu ndi bubu."

"Ndiye mwathiramo uti?"

"Wathu. Wakupulumutsa ndi Mulungu kuti ndamva msanga."

Ndinayang'ana akazi anga. Akazi anga anayang'ana denga la khonde. Madzi akatayika sawoleka, koma Achimwene oyilo anamuwola. Anatenga fanulo, natsanulira yense wa m'beseni m'chigubu chija, natseka bwino.

"Tiye."

"Kuti?"

"Kwa eni ake. Akamwe."

Anavula ovolosi. Mkati anali atavala kale shati yoyera ndi jekete la kutchalitchi. Anabwera okonzeka. Tinakwera galimoto yatsopanoyo.

Kuchoka kwathu kufika kwa ogulitsa ndi makilomita khumi ndi awiri, ndipo pali maloboti atatu. Pa loboti yoyamba ndinati, "Achimwene, mawu akamayenda amasintha." Iwo anati n'zoona, ndiye chifukwa chake tikupita tokha. Pa yachiwiri ndinati mwina tiyambe taimba foni. Anati wakuba saimbiridwa foni. Pa yachitatu ndinatsegula pakamwa ndithu, koma iwo anali atatseka maso, mutu atapendeketsa, akumvetsera injini, chigubu chili pamiyendo ngati mwana wopita naye kusikelo.

"Wamva?" anatero. "Yayamba kulira ngati galimoto."

Loboti inasintha, ine ndinapitirira.

Malo a ogulitsawo ndi agalasi okhaokha, pansi ponyezimira poti umadziona mphuno. Amene anandigulitsa galimoto ndi mwamuna wamtali wa tayi yofiira, ndipo ine ndimangomutcha Tayi. Atationa anabwera manja ali patsogolo.

"Bwana, mwatipeza. Yafika kale pa sevisi?"

Achimwene anaika chigubu pa desiki yake, pamwamba pa mapepala.

"Mwana wanga, ine ndine makaniko. Ndinayamba ntchito iwe usanabadwe. Uyu ndi oyilo amene munamuthirira m'bale wanga. Ndikufuna amene anathira."

Tayi anayang'ana chigubu, nayang'ana ine. Makasitomala awiri amene ankaona galimoto ina anasiya kuiona. Mayi wokolopa anaimika chokolopera.

"Mwatsitsa oyilo, bambo?"

"Yense. Wopanga."

Tayi anaimba foni yam'kati. Panabwera kapitawo wa galaja yawo, mayi wa msinkhu wanga, wamagalasi, ovolosi yake yoyera ngati ya namwino. Anatsegula chigubu, naviika chala, natikita. Ndinaona Achimwene akuyang'ana zala zakezo, ndipo anagwedeza mutu pang'ono, poti anatikita moyenera.

"Uyu ndi wa kufakitale, bambo," anatero kapitawo. "Sinthetiki."

"Sinthetiki?"

"Eya. Wochita kupanga ndithu, koma si wabodza. Injini zimenezi zimabwera naye. Zitsulo zake amazisalaza konko, sizidikiranso kukhulana. Mwathiramo chiyani?"

Achimwene anatchula. Kapitawo anatseka maso kwa kanthawi, nawatsegula.

Sindinawaonepo Achimwene akusowa poika manja. Anawaika m'matumba a jekete, nawatulutsa, nagwira m'mphepete mwa desiki, nasiya chifukwa chala chinadinda oyilo pagalasi. Mmodzi wa makasitomala aja anatembenuka kubisa kukamwa. Tayi anali atatsegula kale faelo yanga.

"Pepani bwana, koma apa pali nkhani ya waranti. Lamulo lake munalisayinira. Ndiyenera kulemba dzina la amene watsegula injini, ndi chifukwa chake."

"Waranti yake iti?" anafunsa Achimwene.

Pamenepo ndinachita chimene ndimachidziwa kuposa munthu aliyense amene ndinakumana naye m'mayiko khumi ndi asanu. Ndinadzaza chipinda.

"Lemba dzina langa," ndinatero, mawu ndikukweza kuti afike mpaka kwa mlonda. "Ndinawatuma ndine. Ine oyilo amene sindinamuone akuthiridwa sindimukhulupirira, kaya wathira ndi fakitale, kaya ndi mngelo. Ndinaonapo anthu akuthira mafuta ophikira mu injini ya sitima, pa doko lina, kaputeni wake ali ndi nyenyezi zinayi paphewa. Ndinaonapo galimoto yatsopano ikufa pa chipale chofewa, mwini wake atanyamula pepala ngati lakoli, akuliwerengera mphepo. Awa anakana. Anandiuza kuti Mzime, funsa kaye eni ake. Ine ndinati tsitsani, galimoto ndi yanga. Za wopanga ndinawauza ndine. Lemba zimenezo, ndipo dzina langa ulilembe ndi zilembo zazikulu, lili ndi malo."

Ndinapitiriza. Ndinawauza za wilibala, za malole anayi, za nkhalamba yolira ija. Ndinamufunsa Tayi ngati anayamba wagonapo m'galimoto imene akugulitsa. Pofika pa nkhani ya chipululu, aliyense m'chipindamo ankayang'ana ine, ena mokwiya, ena motopa, ndipo palibe amene ankayang'ananso Achimwene. Tayi analemba, nadinda chidindo pa pepala lija, nandipatsa kuti ndisayine. Ndinasayina siginecha yanga yonse, ija ya mchira.

Kapitawo sanamvetsere zanga. Anali atapita mbali ina ndi Achimwene, ndipo ndinamva akulankhula nawo motsitsa, mmene amalankhulirana anthu a ntchito imodzi.

"Tinjira ta oyilo m'menemo n'tating'ono kwambiri, bambo. Wokhuthalayo m'mawa sadutsa msanga. Asagonemo. Tikhoza kutsitsa pompano."

Achimwene anayang'ana kudzera pagalasi, kumene galimoto zinapachikidwa m'mwamba pa zitsulo, amakaniko akuyenda pansi pake choimirira.

"Atsitsa ndi amene anathira," ndinatero ine. "Tipatseni chigubu cha sinthetiki ndi fyuluta yosefera oyiloyo."

"Ndi kawashala ka pa bawuti yotsitsira oyilo," anatero Achimwene, osanditembenukira. "Kaja n'kofewa, sikabwerezedwa."

"Sikabwerezedwa," anavomera kapitawo, napita kukatenga yekha.

M'galimoto Achimwene anakhala ndi chigubu chatsopano pamiyendo. Chakale chinatsala pa desiki ya Tayi, ndipo palibe anatithamangira nacho. Sindinalize injini msanga.

"Pepala lija linali la zaka zingati?"

"Zisanu."

"Chilichonse chowonongeka?"

"Chilichonse."

"Unkadziwa."

"Kuyambira Lamlungu."

"Ndiye unatuma akazi."

"Ndinatuma akazi."

Anayang'ana kutsogolo kumene mlonda ankathirira maluwa.

"Mayiko onse unayendawo, Mzime, msewu wobwera kwa ine wakukanika."

Ndinalowetsa kiyi, osapotokola.

"Bodza lako lija linali lalitali," anatero. "Sitima ija unawonjeza."

"Sitima inalipo."

"Nyenyezi zinayi?"

"Ziwiri."

Anatembenuza chigubu, nachitalikitsa ndi maso, nachiyandikitsa, akuyesa kuwerenga tizilembo takumbuyo. Anatulutsa magalasi m'thumba la jekete, aja omanga ndi waya mbali imodzi. Anawerenga nthawi yaitali, milomo ikuyenda. Ine ndinadikira. Munthu amene wadikirapo masiku anayi pachipata cha m'malire amadziwa kudikira.

"Ndiye ikadwala ipita kuti tsopano?" anafunsa.

"Kulibe kwina, Achimwene. Atithamangitsa."

"Kompyuta ndilibe."

"Ndikagula. Ndikudziwa dziko limene amapanga."

"Ugule ya zilembo zazikulu." Anapinda magalasi. "Uyu akuti amatha makilomita angati asanatsitsidwe?"

"Buku likuti zikwi khumi."

"Zikwi khumi." Anawerengera m'mutu. "Mmene umayendera iwe m'tauni, imeneyo ndi miyezi isanu ndi itatu."

"Kapena isanu ndi inayi."

"Oyilo akhale, poti buku latero. Koma galimotoyo uzibwera nayo Loweruka lililonse. Sindinaizolowere kulira kwake."

"Loweruka ndimakhala ndi malole, Achimwene."

"Ubwere m'mawa. Liza, koma usaponde kwambiri. Muli oyilo wolakwika m'menemo."